Mmene mungaphunzitsire anzanu a pa wodi malamulo a surrogacy ndi ma donor kuno ku UK

Akakupatsani ka slot ka teaching pa study day n'kukuuzani kuti musankhe nokha mutu, tengani uwu wa surrogacy, kunyamulira anthu ena mimba, ndi ana obadwa kudzera mwa ma donor, anthu opereka dzira kapena umuna. Palibe amaufuna, aliyense amathamangira PPH (kutaya magazi ambiri pambuyo pobereka) ndi sepsis, koma uwu ndi umene umatigwira njakata usiku wodi ikakhala ndi anthu ochepa. Ambirife amene tinaphunzira unamwino ndi uzamba kumudzi tinafika kuno tikudziwa kubereketsa bwinobwino, koma zoti mzimayi angabereke mwana n'kumupereka kwa anthu ena ali chisekereseke, malamulo n'kumalola, tinadzazionera konkuno. Ndipo musaganize kuti anzathu obadwira kuno amazidziwa, ambiri angomva pa TV basi.

Musanakonze slide olo imodzi werengani kaye. Malamulo ake ndi atatu, Surrogacy Arrangements Act 1985, Human Fertilisation and Embryology Act 1990, ndi ina ya dzina lomwelo ya 2008 imene inasintha zambiri. Simukuyenera kuloweza ma section onse ayi, ndinu nesi osati loya. Chimene muwerenge mpaka kumapeto ndi kabuku ka Department of Health and Social Care kotchedwa Care in Surrogacy kamene kanatuluka mu 2018, kanalembedwera ifeyo a chipatala ku England ndi Wales. Kenako sakani policy ya trust yanu, bungwe la NHS loyendetsa chipatala chanu, pa intranet, muone deti yake. Ma policy ena ndi akale, analembedwa ndi mantha, nde mukapeza kuti ikutsutsana ndi kabuku ka boma kaja kambani ndi a matron tsiku la phunziro lisanafike, chifukwa mukakaima kutsogolo wina adzakweza dzanja n'kunena kuti koma policy yathu siikutero, inu n'kusowa chonena.

Oitanidwa asakhale azamba okhaokha. Amene amalakwitsa kwambiri nkhaniyi kawirikawiri ndi amene sitiwaitana, ward clerk wa pa desk amene amafunsa kuti mayi ake a mwanayu ndi ati, ma support worker, a theatre, manesi a neonatal, ojambula sikani, ma junior doctor. Mukamupeza wa safeguarding, woona za chitetezo cha ana ndi anthu ena osatetezeka, abwerenso, muona chifukwa chake kutsogoloku.

Poyamba phunziro osayamba ndi mbiri. Za Louise Brown, mwana woyamba wa IVF (mluza wopangidwa kunja kwa thupi), wobadwa mu 1978 ku Oldham, za lipoti la komiti ya Warnock la 1984 lounika nkhani zimenezi, za Kim Cotton, surrogate amene nkhani yake mu 1985 inachititsa kuti lamulo loyamba lija lipangidwe mwachangu, zonsezo ndi zabwino koma muzinene mu mphindi ziwiri pakati penapake, anthu ochokera ku night shift akagona mukayamba nazo. Yambani ndi bedi. Auzeni kuti ndi 3 koloko usiku, mu side room muli mzimayi wabereka kumene, watopa akumwa tiyi ndi toast, pampando pali mzimayi wina wavula bulauzi wamuika mwana pachifuwa akulira ndi chimwemwe, bambo wina akujambula pa foni, ndipo inu mwalowa ndi vitamin K wa khandalo mu tray. Mupempha chilolezo kwa ndani? Asiyeni akangane. Theka lidzati kwa amene wanyamula mwanayo chifukwa dzira linali lake, theka lidzati kwa woberekayo, wina adzati ndikaitana coordinator. Mkangano umenewo ndiye phunziro lonse, inu ntchito yanu ndi kungoumasula.

Yankho lake lili mu section 33 ya lamulo la 2008, ndipo ndi chinthu chimodzi chimene aliyense atuluke nacho olo ataiwala zina zonse. Ku UK amene wanyamula mimba n'kubereka ndiye mayi mwalamulo. Kaya dzira linali la mzimayi winayo, kaya la donor, kaya mluza wonse unapangidwa ku kiliniki wopanda kanthu kake olo pang'ono, mayi ndi iyeyo mpaka khothi litasintha. Ndiye pali china chimene chimadabwitsa anthu, ngati woberekayo ali pabanja kapena mu civil partnership, mwamuna wake kapena mkazi wake ndiye kholo lachiwiri mwalamulo, pokhapokha zitaoneka kuti sanavomereze. Apa anthu amaseka, eti bambo amene ali kunyumba akuonera mpira ndiye bambo wa mwana, mwini umuna ali pompano koma pa pepala palibe. Eya ndi choncho. Ngati woberekayo sali pabanja nde bambo mwini umuna uja atha kukhala bambo mwalamulo kuchokera pa kubadwa n'kulembedwa pa satifiketi, koma olo apo mphamvu yosainira mwana zinthu, imene amati parental responsibility, amaipeza akakalembetsa kubadwako, osati mu leba.

Agreement ya pakati pa woberekayo ndi olandira mwana imene amabwera nayo mu foda, yosainidwa bwinobwino masamba ambirimbiri, khothi silingakakamize munthu kuitsata. Ndi yothandiza kwambiri chifukwa imatiuza zimene anagwirizana, koma si lamulo. Izi muzinene mobwereza chifukwa ife a chipatala tikaona pepala la siginecha timaliopa.

Chimene chimasintha zinthu ndi parental order, chigamulo cha khothi chosamutsa ukholo. Makolo odikira mwana aja, amene woberekayo wawanyamulira mimba, amakapempha ku family court mwana atabadwa, lamulo limati pasanathe miyezi 6 ngakhale makhothi akhala akulola ena ochedwa, mwana akhale akukhala nawo, mmodzi mwa iwo akhale mwini dzira kapena umuna, mmodzi akhale kuti kwawo kwenikweni mwalamulo ndi ku UK, ndipo woberekayo avomereze mwa kufuna kwake. Chilolezo chakecho sichiwerengedwa ngati chaperekedwa masabata 6 asanathe chibadwire mwana. Kuyambira January 2019 munthu amene ali yekha naye atha kupempha. Ku England khothi limatuma munthu wa Cafcass, bungwe loimira ana m'makhothi a za mabanja, kukaona banjalo, zikatheka satifiketi yatsopano imatuluka ya maina a makolo atsopanowo. Mfundo yoti anzanu aigwire apa ndi yoti zonsezi zimachitika miyezi ingapo ife titatsanzikana nawo kalekale. Palibe banja la surrogacy limene lidzakhale ndi parental order pa postnatal ward, nde kuwafunsa kuti pepala la khothi lili kuti musanatuluke ndi kufunsa chinthu chimene sichingakhalepo.

Tsopano apa ndi pamene muchedwepo, chifukwa anthu akangomva kuti woberekayo ndiye mayi amagwera mbali inayo. Amayamba kumukakamiza mwana, kumuuza kuti ayamwitse, kumutchula kuti mum mum pamaso pa mzimayi amene wadikira mwana ameneyu zaka, makolo aja n'kumawauza kuti visiting yatha pitani. Kumeneko ndi kulakwa kofanana ndi kuja koiwala woberekayo n'kumangocheza ndi eni foni ndi maluwa iye akutaya magazi kuseri kwa katani. Lamulo likutiuza amene amasaina, silikutiuza kuti tisokoneze zimene anthu akuluakulu anagwirizana. Woberekayo atha kulemba kuti chisamaliro cha mwana cha tsiku ndi tsiku wachisiya m'manja mwa makolo odikirawo, Children Act 1989 imalola munthu kupempha wina kuti amugwirire udindo umenewu, ndipo pepala limenelo lilowe mu notes. Nde vitamin K uja, mumakambirana ndi amene adzalere mwanayo, chilolezo n'kutsimikiza kwa woberekayo kapena kuona zimene analemba kale. Zikakhala zazikulu, mwana wapita ku neonatal akufunika opaleshoni, madokotala abwerere kwa amene ali ndi parental responsibility, ndipo pa emergency timapulumutsa moyo ngati mwana wina aliyense osadikira siginecha.

Za thupi la woberekayo nde palibe zokambirana. Sikani, kuyezetsa magazi, epidural, induction, siza, olo nkhani yowawa yochotsa mimba pakapezeka vuto, mwini chisankho ndi iye yekha. Makolo odikirawo alibe ufulu woona notes zake kapena kumva zotsatira zake iye asanalole, olo mwana ali m'mimbamo ndi wa magazi awo. Ndipo aphunzitseni anzanu kuti pa sikelo azipeza mpata womuona yekha kamodzi kamodzi, monga timachitira ndi mzimayi aliyense pofunsa za nkhanza za m'banja, chifukwa pali zinthu zimene sanganene pamaso pa anthu amene akuwanyamulira mwana, mwina watopa nazo, mwina akuopa kuwakhumudwitsa.

Njira yopewera mavuto ambiri ndi birth plan yokonzedwa mimba isanafike kumapeto, onse atakhala pansi ndi mzamba mmodzi. Pa phunziro lanu gawani ka pepala kopanda kanthu muwauze alembe mafunso amene angafunse pa msonkhano umenewo, muona kuti paokha atulutsa ambiri. Ndani alowe mu leba, nanga ikakhala siza poti ku theatre nthawi zambiri amalola munthu mmodzi alowa ndani, mwana akangotuluka apite pachifuwa cha ndani, adule mchombo ndani, woberekayo akufuna kumunyamula kapena ayi, amutchule chiyani. Za mkaka, ena amafinya colostrum n'kupereka, ena safuna n'komwe ndipo amafunika uphungu wa mmene mawere aumire, amayi ena odikira amakhala atakonzekera kuyamwitsa okha ndi thandizo la a infant feeding. Kogona, ngati pali side room yoti makolo agone ndi mwana, ndipo woberekayo asakaikidwe mu bay ya ana anayi olira usiku wonse ngati iye sakufuna. Ndi ma band, pa mwendo wa mwana palembedwa dzina la woberekayo chifukwa system yathu imalumikiza mwana ndi amene wamubereka, ndi nkhani ya chitetezo, koma muwauziretu. Mzimayi amene sanauzidwe akaona dzina la munthu wina pa kamwendo ka mwana wake zimamupweteka, pamene akanauzidwa pa masabata 34 akanangoti chabwino.

Potuluka ndi pamene panali zamanyazi kale. Zipatala zina zinkakana kuti mwana aperekedwe mkati mwa chipatala, nde anthu ankakapatsirana mwana ku car park ngati katundu wozembetsa. Malangizo a 2018 aja anakana zimenezo. Woberekayo akavomera ndipo zalembedwa, mwana atha kutuluka ndi makolo odikirawo, iye n'kutuluka payekha nthawi yake, wina atha kutsala wina n'kupita. Chimene mutsindike ndi choti ma discharge ndi awiri. Woberekayo akufunika community midwife wake, wabereka, ali ndi chilonda, ma hormone akugwa ngati wina aliyense ndipo manja ali opanda kanthu. Mwana naye akufunika mzamba ndi health visitor wa kumene akupita, komwe kutha kukhala Leeds woberekayo ali ku Bristol, nde ngati simunaimbe foni ku trust ya kumeneko magazi a pa chidendene a tsiku lachisanu adzaphonyeka, aliyense akuganiza kuti mnzake wapanga. Pofunsa mbiri ya matenda a m'banja pa NIPE (kuyeza khanda thupi lonse masiku oyambirira), za chiuno, za mtima, funsani eni dzira ndi umuna, ndipo za katemera wa BCG funsani banja limene mwana akukakhala nalo. Kulembetsa kubadwa ndi masiku 42 ku England, Wales ndi Northern Ireland, 21 ku Scotland, ndipo satifiketi yoyambayo imatuluka ndi dzina la woberekayo.

Apa mpatseni mpata wa safeguarding uja alankhule yekha, chifukwa zikachoka pakamwa pake anthu amakhulupirira. Surrogacy payokha si chifukwa chotumizira referral ku social services. Ndi yololedwa. Referral imapita pakakhala nkhawa yeniyeni ngati mmene zilili ndi banja lina lililonse, mzimayi akuoneka kuti akukakamizidwa, sakudziwa bwino anthu amene akuwapatsa mwana, wina akumuyankhira mafunso onse ndipo sakumusiya yekha, nkhani ikusinthasintha, kapena zikuoneka kuti palibe mwa olandirawo amene ali pa ubale wa magazi ndi mwanayo, pamenepo si surrogacy yoti n'kupeza parental order, ndi nkhani ina imene malamulo a adoption amaletsa kuchita mwamseri. Za ndalama wina adzafunsa ndithu kuti amalipidwa zingati. Lamulo limaletsa ma kampani kupanga phindu polumikiza anthu, limaletsanso kulengeza kuti ukufuna surrogate kapena ukufuna kukhala surrogate, n'chifukwa chake mabungwe ngati Surrogacy UK ndi Brilliant Beginnings ndi osapanga phindu. Woberekayo amabwezeredwa zimene wawononga, ndipo amene amaunika ndalamazo ndi khothi pa nthawi ya parental order. Si ntchito ya mzamba kufunsa ma risiti.

Nanga akasintha maganizo? Funso ili limabwera nthawi zonse ndipo anthu amalifunsa maso ali gwa ngati filimu. Sizichitikachitika, koma yankho likhalepo. Woberekayo akati mwana sakumupereka, ife sitingamulande, ndi mayi mwalamulo, timaitana coordinator, safeguarding ndi a legal a trust, zotsalazo ndi za khothi. Makolo odikirawo akathawa, mwina mwana wabadwa ndi chilema, udindo umatsala kwa woberekayo, ndipo apo nde social services ikufunikadi. Auzeni anzanu kuti asakhale oweruza pa corridor, alembe zimene aona ndi zimene anthu anena mmene anenera, basi.

Ngati m'gulu mwanu muli amene anagwirako ntchito ku Joni, yembekezani mtsutso, ndipo iwo sakunama. Ku South Africa, Children's Act 38 ya 2005 imati agreement itsimikizidwe ndi High Court mimba isanayikidwe, ndipo zikatero mwana ndi wa makolo odikirawo kuyambira pa kubadwa. Nde munthu amene anazolowera zimenezo ku Johannesburg amaona ngati kuno tikuchita zachikale. Mwina akunena zoona, ma Law Commission a kuno, mabungwe ounika malamulo, anatulutsa lipoti mu March 2023 lopempha njira yatsopano yoti makolo odikira azikhala makolo mwalamulo kuchokera pa kubadwa, koma amenewo ndi malingaliro, pa wodi timatsata lamulo limene lilipo. Muyang'ane ngati pasintha kanthu usiku woti mawa muphunzitsa. Chimodzimodzi mabanja amene abwera ndi khanda kuchokera kunja, ku America kaya kwina, satifiketi ya kumeneko itha kukhala ndi maina awo koma kuno amafunikabe parental order, izi ndi za ma health visitor ndi a GP makamaka.

Mukapuma tiyi nde mulowe gawo la ma donor. Ili ndi losavuta pa wodi chifukwa mzimayi amene wabereka ndi dzira la donor ndi mayi basi, palibe khothi palibe chiyani, mwana ndi wake. Donor amene anapereka kudzera ku kiliniki ya laisensi ya HFEA, bungwe la boma loyang'anira makiliniki a fertility, si kholo, salipira child maintenance, alibe ufulu pa mwana. Pamene pamavuta ndi kholo lachiwiri. Okwatirana kapena a civil partnership, mnzakeyo ndi kholo pokhapokha ngati sanavomereze. Osakwatirana amayenera kusaina mafomu a HFEA otchedwa WP ndi PP ku kiliniki, treatment isanachitike, osati pambuyo. Kwa manesi a ku fertility apa nde pofunika kumenya tebulo. HFEA itauza makiliniki kuti aunike mafayilo awo, 51 mwa 109 anapeza zolakwika, fomu yasowa, ina yosasainidwa, ina deti yake ndi ya pambuyo pa treatment, ndipo mu 2015 Sir James Munby, amene anali mkulu wa makhothi a za mabanja, anadzudzula kwambiri poweruza milandu ya mabanja amene anauzidwa patapita zaka kuti mwina bambo si bambo mwalamulo. Chifukwa cha ka bokosi kosachonga. Ndikamaphunzitsa ndimabweretsa fomu yeniyeni yosindikiza, ndaidzaza molakwika dala, n'kuwauza apeze zolakwikazo, zimagwira mtima kuposa slide.

Kenako pali a pa Facebook ndi ma app, amene amapeza donor paokha n'kupangira kunyumba. Alipo ambiri kuposa mmene timaganizira, chifukwa kiliniki ndi yodula. Apa malamulo ndi ena. Mzimayi akakhala kuti sali pabanja, bambo wopereka umunayo ndiye bambo mwalamulo olo atalemberana pepala lotani, atha kufunsidwa maintenance, naye atha kupita ku khothi kufuna kumaona mwana. Akakhala pabanja ndipo mnzake anavomera, ndipo sanagonane ndi donor uja, mnzakeyo ndiye kholo lachiwiri. Akagonana nde palibenso za u donor, ndi bambo basi. Ife sitipereka uphungu wa malamulo, koma mzamba adziwe zokwanira kuti anene kuti pitani mukaonane ndi loya wa za mabanja musanalembetse mwana, komanso akumbukire kuti umuna umenewo sunayezedwe HIV ndi hepatitis ngati wa ku kiliniki.

Chifukwa chimene timafunsira pa booking kuti mimbayi inabwera bwanji si miseche, ndipo anzanu adziwe kufotokoza zimenezi kwa mzimayi. Screening ya Down's imawerengera zaka za mwini dzira, nde mzimayi wa zaka 44 amene ali ndi dzira la mtsikana wa zaka 25 mukalemba zaka zake zokha zotsatira zituluka zolakwika n'kumuopseza pachabe. Screening ya sickle cell ndi thalassaemia chimodzimodzi, magazi a mzimayiyo sakukuuzani za mwana ngati dzira si lake, mpofunika kuyeza bambo ndi kufunsa zimene kiliniki inapeza kwa donor. Komanso mimba za dzira la donor zimakhala ndi chiopsezo chokwererapo cha pre-eclampsia, matenda a BP yokwera pa mimba, dokotala ayenera kudziwa. Funsani ali yekha, mawu ake osavuta, kodi panali thandizo la kiliniki pa mimbayi, dzira kapena umuna zinali zanu kapena za donor, ndikufunsa chifukwa zimasintha mmene tiwerengere zotsatira.

Akakuuzani nde mwanyamula chinsinsi cha banja. Makiliniki ali ndi lamulo lawolawo lokhwima la chinsinsi mu Act ya 1990, moti olo GP sauzidwa popanda chilolezo cha munthuyo, nde musadabwe kuti mu referral mulibe. Satifiketi ya kubadwa siinena kuti panali donor. Apongozi amene abwera ndi phala mu flask mwina sakudziwa, ndipo kwa anthu akwathu mukudziwa mmene nkhani ya kusabereka imalemerera, makamaka ikakhala mbali ya bambo. Nde osakamba pa handover ya pa bedi katani ili pakati, osalemba mu red book, kabuku ka umoyo wa mwana, makolo asanavomere chifukwa buku limenelo limagwiridwa ndi aliyense, osayamba zoti koma mwanayu wafanana ndi ndani.

Mbali inayo, anzanu adziwenso kuti chinsinsi cha donor chinatha. Amene anapereka kuyambira pa 1 April 2005, mwana akafika zaka 18 atha kufunsa ku HFEA dzina la donor, tsiku lobadwa ndi adiresi yomaliza imene ikudziwika, ndipo oyamba anafika msinkhu umenewu mu 2023. Pa zaka 16 atha kupeza zina zosatchula dzina. Amene anapereka pakati pa August 1991 ndi March 2005 ndi obisika pokhapokha atalembetsanso okha kuti adziwike. Donor mmodzi amaloledwa kuthandiza mabanja osaposa 10 kuno ku UK, ndipo kuyambira October 2024 chipukutamisozi ndi £985 pa cycle ya mazira ndi £45 pa ulendo uliwonse wa wopereka umuna. Palibe lamulo lokakamiza makolo kuuza mwana, koma makiliniki amayenera kuwafotokozera ubwino womuuza akadali wamng'ono, ndipo masiku ano ndi ma DNA test a AncestryDNA ogula pa intaneti aja chinsinsi sichikhalitsa, mwana amadzazitulukira yekha ali ndi zaka 30 msuweni atamugulira ka kit pa Khirisimasi. Kholo likakufunsani kuti ndimuuza bwanji, alozereni ku Donor Conception Network, ali ndi timabuku ta ana.

Pali chinthu chimene ma slide sangakuthandizeni, maganizo a anthu m'chipindamo. Wina adzati kwathu izi ndi zonyansa, wina adzatchula za chikhulupiriro chake, wina mwa akwathu adzanong'oneza mnzake kuti ameneyu ndi fisi wa chizungu basi, ndipo pakakhala kuti makolo odikirawo ndi abambo awiri nde nkhope zimasintha. Ine sindiwatseka pakamwa, bola anene m'kalasi kusiyana n'kukaonetsa nkhope imeneyo kwa wodwala. Koma ndimawauza malire. Section 38 ya Act ya 1990 imalola munthu kukana kutenga nawo mbali pa treatment yeniyeniyo, ya ku kiliniki, chifukwa cha chikumbumtima. Siikulola kukana kusamalira mzimayi woyembekezera, kapena khanda, kapena kuchita mwano kwa abambo awiri amene akuphunzira kusintha thewera. Code ya NMC, bungwe loyang'anira manesi ndi azamba, ndi Equality Act 2010 zili pomwepo, ndipo PIN, nambala ya laisensi ija, ndi yanu.

Mphindi 20 zomaliza zikhale za sewero. Anthu atatu, woberekayo, mayi wodikira, ndi mzamba amene walowa shifiti osadziwa kanthu, ayambe ndi kudzitchula dzina n'kufunsa aliyense kuti mukufuna ndizikutchulani chiyani. Zimaoneka zachibwana mpaka munthu atayesa n'kupeza kuti lilime likungothamangira kunena kuti mayi ake enieni, mawu amene amabaya onse awiri. Sinthani nkhani pang'ono pang'ono, pano woberekayo ali pabanja, pano mwana wapita ku neonatal woberekayo watuluka kale ndipo foni yake yazima, pano agogo afunsa pa desk kuti bwanji dzina la pa band ndi lachilendo. Gulu lililonse liyankhe zinthu zitatu, akusaina ndani, tikulemba chiyani mu notes, tikuimbira ndani.

Pomaliza asiyireni pepala limodzi lokha, osati foda, loti likamatidwe mu ofesi ya coordinator pafupi ndi manambala a foni, lonena amene ali mayi mwalamulo, kumene kuli fomu yosiyira chisamaliro, ma discharge awiri aja, ndi nambala ya safeguarding ndi ya legal ya usiku. Lembani maina a amene abwera muwapatse ka satifiketi, maola amenewa amalowa mu maola 35 a maphunziro a CPD ofunika pa revalidation ya laisensi ku NMC ndipo poti munali kukambirana amawerengedwa mu 20 a participatory aja, mukanena zimenezi pa poster anthu amabwera. Mubwerezenso ma rotation akasintha chifukwa madokotala achinyamata amasamuka, ndipo banja la surrogacy likangodziwika pa booking pemphani a matron asankhe mzamba mmodzi woti aziliyendetsa mpaka kutuluka, dzina lake lilembedwe pamwamba pa birth plan.